Choko Pachitseko cha Chipinda Chapansi

Loweruka, pa 9 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti kukhalapo kwake n'kongoyankhira moni. Mudabwa kuti masiku a foni ano ine ndatenga pepala ndi cholembera ngati munthu wofunsira mbeta. Musaseke. Pafoni paja mumandidula mawu ndisanamalize, ndipo ine ndikangomva mawu anu bodza limabwera lokha, monga linabwerera sabata yatha. Ndiye ndati ndilembe, muwerenge mpaka pansi, kenaka mundikalipire bwinobwino.

Ndikulemba ndili pabenchi ya pakhonde la chipatala. Bambo ali m'kati, agona tulo ta masana. Musadzidzimuke, akupezako bwino. Chibayo chija chagonja, paipi ya mpweya anawachotsa Lachinayi, ndipo dzulo anakangana ndi namwino chifukwa cha pilo, ndiye mudziwe kuti moyo wabwerera. Koma zimene ndinakuuzani zija, zoti mvula inawapeza panjira pochokera kogula nyuzipepala, si zoona. Bambo anakhala m'madzi maola anayi m'chipinda chapansi pa laibulale ya pa yunivesite, chitseko chili chokhoma kunja. Amene anakhoma chitsekocho ndine.

Khalani pansi kaye, ndifotokoze kuyambira pachiyambi.

Ntchito yangayi inu mumaidziwa patalipatali. Mumangouza anthu kuti mlongo wanga amasunga makiyi a pa yunivesite. Makiyi alipo ndithu, koma pamwamba pake pali nyumba makumi awiri ndi zitatu. Denga likadontha amaitana ine. Chimbudzi chikatsekeka, ine. Zozimitsira moto, mawaya a magetsi, ngalande, mitengo yokalamba yofuna kugwera ana a eni, zonsezo ine. Ndipo chimene ndakhala ndikunyadira koposa ndi ndondomeko yotsekera sukulu pakagwa ngozi, chifukwa ndinailemba ndekha zaka zisanu zapitazo, moto utabuka kuhositelo.

Ndondomekoyo si yovuta. Belu la ngozi likalira timazimitsa magetsi, anthu amatuluka, ndipo ife timayendera chipinda chilichonse. Woyendera amalowa, amayenda mpaka kukakhudza khoma la kumapeto ndi dzanja lake, amatuluka, amakhoma, kenaka amalemba mtanda pachitseko ndi choko. Mtandawo tanthauzo lake n'lakuti muno ndalowamo ndi miyendo yanga, mulibe munthu. Pomaliza timatenga kaundula wa pageti, m'mene ogwira ntchito ndi alendo onse amalembetsa polowa, n'kuona ngati olowa akufanana ndi otuluka. Alonda ndi okonza m'maofesi anandipatsa dzina chifukwa cha lamulo limeneli. Amati Khudzakhoma. Amaganiza kuti sindidziwa.

Chaka chatha, tsiku loyeserera chabe, mlonda wina amene timamutchula kuti Wamtali analemba mtanda pachitseko cha sitolo ya matsache asanalowe. Ndinamugwira. Ndinamuimitsa ntchito mwezi wathunthu, ndipo ndinamunyazitsa pamaso pa anzake onse. Mawu anga ndikuwakumbuka mpaka lero, chifukwa ndinawakonda kwambiri nthawi imeneyo. Ndinati, "Choko si chokongoletsera chitseko. Choko ndi lumbiro." Madzulo ake ndinawabwerezanso kunyumba tikudya, bambo akugwedeza mutu kuti mwana wawo ndi munthu.

Tsopano za bambo. Mukukumbuka m'mene analili mayi atatisiya. Kumangokhala pampando, maso pakhoma, chakudya kungochinyomola ngati mwana wodwala. Munali inu amene munandiuza pafoni kuti, "Iwe, apezere chochita, apo ayi tiika maliro awiri chaka chimodzi." Sindikunena izi kuti ndikukankhireni mlandu, ayi. Munanena zoona. Munthu amene anasoka ndi kumata mabuku a laibulale ija zaka makumi atatu sangakhale manja lende. Ndiye ndinawatsegulira kachipinda kawo kakale kaja, ka pansi penipeni, komwe tebulo lawo ndi chopanira mabuku zinali zikadalipo, fumbi lokhalokha. Achemwali, mukanawaona tsiku loyamba! Ananunkhiza botolo la guluu ngati munthu wakumana ndi mnzake wakalekale.

Vuto linali limodzi. Lamulo silola munthu wopuma pantchito kugwira ntchito m'zipinda zapansi, ndipo lamulolo analemba ndi Khudzakhoma yemweyu. Ndikanawalembetsa pageti tsiku ndi tsiku, akuluakulu akanafunsa. Choncho ndinawaonetsa kageti kakang'ono ka kuseri kwa khitchini, kolowera obweretsa masamba, ndipo ndinawasulitsira kiyi. Nyumba ya yunivesite imene tikukhalayi ili tsidya la msewu, ndiye ankangowoloka n'kulowa. Woyang'anira laibulale ankayang'ana kumbali, chifukwa mabuku ong'ambika ankabwerera m'mashelefu ali atsopano. Chaka ndi miyezi inayi bambo akulowa ndi kutuluka, dzina lawo osaoneka m'kaundula ngakhale tsiku limodzi.

Lachiwiri la sabata yatha kunacha kuli bii. Pa kadzutsa bambo anati bondo likuwawa, lero sapita kulikonse. Ndinawasiya atafunda bulangete pampando, magalasi ali pamphuno. Mawu amenewo ndi amene ndinayenda nawo m'mutu tsiku lonse, oti bambo ali kunyumba.

Cha m'ma 10 koloko a zanyengo analengeza kuti kukubwera mvula ya mkuntho. Abwana aakulu anandiimbira. "Tsekani sukulu. Pofika 12 koloko pasapezeke munthu m'makalasi." Kutseka yunivesite si kutseka golosale, Achemwali. Aphunzitsi ena anali pakati pa mayeso, akundiyang'ana ngati mvulayo ndaitana ndine. Pulofesa wina anakakamira m'chipinda chake choyesera zinthu, ati ntchentche zake zimene wakhala akuweta zaka zitatu zifa firiji ikazima. Ndinachita kumugwira pamkono, munthu wa imvi zake. Ophunzira ena akuseka, akujambulana, ena akulira kuti basi yakwawo yapita. Mphepo n'kuti itayamba kale kukokota zinyalala ndi kuwombetsa mawindo.

Laibulale inali nyumba yomaliza. Ndinayendera zipinda zam'mwamba zonse, ndinakhudza makoma onse, Wamtali ali pambuyo panga ndi tochi. Titafika pachitseko chachitsulo chotsikira pansi, wailesi ya m'manja inalira kuti malata asasuka kuhositelo ya atsikana, ana akukuwa. Ndinatsegula chitseko chija. Pansi panali mdima, poti magetsi tinali titazimitsa. Ndinakuwa kawiri, "Muli munthu kumeneko?" Kunali zii.

Wamtali anati, "Bwana, titsike?"

Masitepe ake ndi khumi ndi asanu ndi atatu. Ndawawerenga kambirimbiri masiku ano. Kutsika, kukhudza khoma ndi kukwera, mphindi ziwiri sizikwana. Ine ndinati, "Kulibe munthu uko, tiye." Ndinakhoma loko, ndinatulutsa choko m'thumba, ndinalemba mtanda waukulu bwino, n'kuthamangira kuhositelo.

Zimene sindinadziwe n'zakuti bondo lija linaleka kuwawa ine nditangochoka. Bambo anavala jekete, anauza mlamu wanu kuti akupita kukamaliza buku limodzi, n'kulowera kageti kawo. Ndipo mukudziwa khalidwe lawo ndi kachipangizo kothandiza kumva kamene munawatumizira. Akakhala pantchito amakachotsa, ati kamaimba mluzu. Belu la ngozi sanalimve. Magetsi atazima anangoti ndi kuzima kwa masiku onse, anakokera mpando pansi pa kawindo ka m'mwamba, n'kupitiriza kusoka. Ine ndikukuwa pamwamba pa masitepe, iwo anali akulowetsa ulusi pasingano.

Itakwana 1 koloko ndinatenga kaundula. Olowa 412, otuluka 412. Ndinasayina pansi pa mawu akuti onse atuluka. Abwana anandigwira chanza, ati ntchito yabwino, ndipo ine ndinamva kukoma mumtima. Akulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Chiwerengero chinakwana ndendende chifukwa munthu mmodzi ndinamuphunzitsa ndekha kusawerengedwa.

Masana onse ndinali kuhositelo, tikusamutsa atsikana ndi matilesi awo. Mvula imeneyo sindinaionepo chibadwire. Mafoni onse anafa. Ndinafika kunyumba 4 koloko itadutsa, nditanyowa mpaka m'kati, ndikuganiza za tiyi basi. Mlamu wanu anatsegula chitseko, anayang'ana kumbuyo kwanga, n'kufunsa, "Nanga agogo mwawasiya kuti?"

Ndinati, "Si ali kuchipinda?"

"Kuchipinda kuti? Anakutsatirani m'mawa. Ine ndimati mwabisala nawo kuofesi."

Sindikumbuka m'mene ndinawolokera msewu. Ndikungokumbuka kuti nsapato imodzi inatsala m'matope ndipo sindinaibwerere. Makiyi anali atatsekeredwa kale m'bokosi ku ofesi ya alonda, kutali, monga ndondomeko yanga imanenera. Wamtali anandiona ndikuthamanga ngati wamisala, anangotola chitsulo chokanulira n'kunditsatira. Kuseri kwa laibulale mtengo unali utagwera m'ngalande, madzi onse a kumtunda akukhuthukira m'timawindo ta chipinda chapansi. Wamtali anakanula loko kamodzi, kawiri, kachitatu inathyoka.

Tochi itawala, choyamba kuona chinali mabuku. Masitepe anayi a pamwamba, okhawo amene madzi anali asanafike, anali odzaza ndi mabuku osanjidwa bwinobwino, aja ophunzira amalemba pomaliza maphunziro awo. Bambo anali atakhala pa sitepe yachisanu, madzi ali m'chiuno, atakumbatira chikwama cha zida zawo, mano akugundana. Anandiuza pambuyo pake kuti madzi atayamba kulowa anakwera n'kumenya chitseko mpaka dzanja kutupa. Ataona kuti palibe woyankha, anati nanga ndingokhala? Anayamba kutsika ndi kukwera, kutsika ndi kukwera, m'madzi ozizira aja, ndi bondo lomwe lija, kupulumutsa ntchito za ana a eni. Malo ouma anawapatsa mabuku, iwo n'kukhala m'madzi.

Mawu awo oyamba anali akuti, "Samala iwe, usaponde mabuku."

Ndinawabereka. Munthu amene ankatinyamula tonse awiri nthawi imodzi, wina paphewa wina m'manja, anali wopepuka ngati mtolo wa zovala. Anandigwira dzanja mwamphamvu, zala zili zizirire. Potuluka, chitseko chinabwerera ndi mphepo, ndipo mtanda wanga uja unali pomwepo, woyera mbee, pafupi ndi nkhope yawo. Anauyang'ana. Kenaka ndinamva mutu wawo ukutsamira pamsana panga. Mtandawo mpaka lero sanautchulepo.

Masiku atatu oyamba sindifuna kuwalemba. Dokotala ankangoti tiyeni tione mawa. Ndi m'masiku amenewo m'mene munaimba, ine n'kukuuzani za nyuzipepala. Pepani. Ndinaopa kuti mukwera ndege usiku womwewo, koma ndisaname kawiri, chimene ndinaopa kwambiri ndi mawu anu.

Lolemba lapitali abwana aakulu anabwera kuchipatala kudzazonda, atanyamula zipatso, komanso atanyamula mafunso, poti nkhani yoti munthu anapezeka m'nyumba yokhoma inali itafika ku komiti yoona za chitetezo. Ine ndinaima kumiyendo kwa bedi. Ndisanatsegule pakamwa, bambo anadzutsa mutu.

"Bwana, mlandu ndi wanga. Kiyi ndinasulitsa ndekha kalekale, mwanayu sankadziwa kuti ndimalowa. Tsiku lija anatsika ndi tochi mpaka pansi, ndinamuona ndi maso angawa akukhudza khoma. Ine ndinabisala kuseri kwa shelefu, kuopa kuti andithamangitsa. Ukalamba, bwana. Mundikhululukire."

Achemwali, awa ndi bambo omwe aja anatikwapula tonse awiri chifukwa cha bodza la supuni imodzi ya shuga. Ananama mosaphethira, mawu ali phee, paipi ili m'mphuno. Abwana anapumira m'mwamba, mtima wawo unakhala pansi, anati, "Aa, madala, musadzachitenso." Potuluka anandisisita paphewa n'kunena kuti ndingolemba lipoti lalifupi, Lolemba likubwerali komiti ikangotseka nkhani.

Ndinawaperekeza mpaka pagalimoto. Nditabwerera bambo anati, "Walemba zimene ndanena, wamva? Uli ndi ana atatu. Nyumba ija ndi ya yunivesite, ukachotsedwa ntchito tonse tili pamsewu. Ine chipinda chimene anamwaliriramo mayi ako sindichokamo ndi miyendo yanga."

Tsiku lotsatira ndinakumana ndi Wamtali pageti. Ndinkafuna kumulambalala, koma anandiimitsa yekha. Anati, "Bwana, madala ali bwanji?" Ndinamuuza. Anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi nsapato. "Ndamva zimene anena. Akandifunsa a komiti, ine ndidzati tochi yanga inali yofooka, sindinaone bwino. Musadandaule, bwana. Tonse timalakwa."

Tonse timalakwa! Munthu amene ndinamuimika padzuwa pamaso pa anzake chifukwa cha sitolo ya matsache. Bola akanandilavulira malovu kumaso. Ndinapita kuofesi, ndinatseka chitseko, ndinalira ngati mwana, ine bambo wa ndevu zanga.

Choncho njira inali yolambulidwa kale. Bambo anama, Wamtali aiwala, abwana akufuna lipoti lalifupi. Ngakhale mlamu wanu, amene sakonda zokhotakhota, anandiuza akupukuta mbale kuti, "Ganizirani ana, bambo ake. Agogo achira, chatsala n'chiyani?" Ndinayesa, Achemwali. Ndinalemba lipoti lija katatu. Nthawi zonse ndikafika pa mawu oti ndinatsika ndipo ndinakhudza khoma, dzanja linkakana.

Si kuti ndine woyera mtima, mukundidziwa. Chimene chinandikanika n'chakuti mwezi wamawa kuli kuyeserera kwina. Ndidzaima pamaso pa alonda ndi okonza m'maofesi makumi asanu ndi limodzi, choko chili m'manja, Wamtali ali pakati pawo. Ndidzawauza chiyani? Nkhani sigona, pofika pano onse akudziwa kuti Khudzakhoma sanakhudze khoma, ndipo zinamuthera bwino. Kuyambira pamenepo mtanda uliwonse pachitseko chilichonse udzakhala chokongoletsera basi. Tsiku lina kuseri kwa chitseko kudzakhala mwana wa munthu wina, ndipo sikuti aliyense adzakhala ndi masitepe ouma. Komanso pali ichi, chimene chikundiwawa kuposa zonse. Lipoti lija likadutsa, m'mabuku a yunivesite mudzalembedwa kuti bambo anali nkhalamba yozemba, yosulitsa makiyi, yobisala kuseri kwa mashelefu ngati wakuba. Zaka makumi atatu za ntchito yawo zidzathera pa mzere umenewo, kuti ine ndisunge nyumba.

Dzulo masana ndinapereka lipoti. Si lalifupi. Ndalembamo za kageti, za kiyi, za kaundula, za funso la Wamtali ndi yankho langa. Ndalembanso kuti amuchotsere chilango chija m'failo yake. Abwana anawerenga ine nditaima pomwepo, anavula magalasi, n'kunena kuti, "Mukudziwa kuti izi sindingazibweze m'thumba?" Ndinati ndikudziwa. Anati Lolemba ndibwere ndi makiyi onse. Sananene kuti n'chifukwa chiyani, ndipo ine sindinafunse. Mlamu wanu sanandiyankhule madzulo onse, koma m'mawa uno ndapeza atandisitira malaya oyera aja, atawapachika pachitseko.

Bambo ndawauza lero, nditawamwetsa tiyi. Ndinayankhula mokweza kuti asadzati sanamve, mpaka wodwala wa bedi loyandikana anatembenuka. Bambo anandiyang'ana. Kenaka anati, "Ndiye bodza langa lija ndanamira chabe?"

Ndinati, "Eya, bambo."

"Chitsiru iwe. Unatengera mayi ako."

Anakweza dzanja, anachotsa kachipangizo kaja m'khutu, n'kukaika pakabati, monga amachitira akatopa ndi munthu. Anatembenukira kukhoma. Ndinadikira pang'ono, kenaka ndinadzuka kuti ndiwasiye. Ndisanaponye phazi, dzanja lawo linatuluka m'bulangete n'kundigwira pamkono, kugwira komwe kuja kwa pamasitepe. Sanatembenuke, koma sanandisiye mpaka tulo tinawatenga. Ndachita kumasula zala zawo chimodzichimodzi kuti ndidzalembe kalatayi.

Tsopano ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, zikavuta Lolemba, atipatsa mwezi umodzi kuti tichoke m'nyumba. Ine ndi ana tikapanikizana kwa apongozi, koma bambo ndi chifuwa chimenechi sangagone pabalaza. Kambiranani ndi alamu za chipinda chanu cha alendo chija, mwina kwa miyezi ingapo. Adzakana, adzatukwana, koma inu amakuopani. Akabwera, muwapezere katebulo pafupi ndi windo, ndipo muwasonkhanitsire mabuku ong'ambika kwa anansi. Chikwama cha zida zawo chinauma, ndachipaka mafuta.

Chachiwiri, muwaimbire Lamulungu masana, nthawi imene ndimakhala nawo, kuti ndiwaveke kachipangizo. Musawakalipire za mabuku aja. Ukali wonse musungire ine, ndaukonzekera.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti wosunga makiyi uja mwina posachedwa adzakhala wopanda kiyi ngakhale imodzi. Ana muwapsompsone. Mlamu wanu akupereka moni, ana kuno akufunsa kuti azakhali abwera liti. Bambo nawo, ndisanawauze za lipoti, anati ndikakulemberani ndikupatseni moni wambiri, ndikuuzeni kuti musade nkhawa, anangonyowa ndi mvula pang'ono pochokera kogula nyuzipepala. Uthenga wawo ndapereka monga anandituma.

Ndikumva akutsokomola m'katimo, adzuka. Ndilowe ndikawaone ndi maso anga.

Ine mlongo wanu,
uja munkamubereka popita kusukulu